Dimba la agogo ndi chikoti cha malimidwe

Mu Ogasiti chaka chatha amalume anandiimbira foni usiku, nthawi imene anthu a kumudzi saimba pokhapokha kutagwa zovuta. Ndinayankha mtima uli m'mwamba. Iwo osapereka n'komwe moni: "Mphwanga, kunabwera a komiti, akhoma zikhomo m'dimba la mayi ako. Akuti kuchokera pa zikhomozo kukafika m'madzi tisagwetsemonso khasu. Malimidwe aja abweranso."

Maliro kunalibe, ndinapumira m'mwamba. Koma mawu omalizawo anandikhala m'mutu usiku wonse. Amalumewa anabadwa Kamuzu atatsala pang'ono kubwera, ndiye za malimidwe sanazione ndi maso, anachita kuyamwira. Kwathu mawu amenewa sanena za ulimi ayi. Amanena za kapitawo wobwera ndi chingwe choyezera, chindapusa, mbewu zozulidwa mwini wake akuona. Ndipo ine, amene ndimakhala ku Lilongwe n'kumamwa madzi a pampopi, amene ndikawerenga zobwezeretsa mitsinje ndi madambo ndimagwedeza mutu kuvomereza, ndinapezeka kukamwa kuli gwa.

Kwathu ndi kufupi ndi Linthipe 1, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Lilongwe. Ukatsika minibasi umayendako pang'ono wapansi. Dimbalo lili m'mphepete mwa kamtsinje kothira mu Linthipe, kamene simungakapeze pa mapu. Linali la agogo aakazi, likadzachoka kwa amayi lidzapita kwa alongo anga, amalume ndi mwinimbumba woyang'anira chabe. Timalimamo tomato, kabichi, mpiru, anyezi ndi chimanga chachiwisi chogulitsa pamsewu mu Okutobala. Fizi yanga ya ku sekondale inatuluka m'menemo, pa kheni ndi msana wa amayi. Choncho ndikamanena zoti madimba aononga mtsinje, dziwani kuti ndikunena ndi pakamwa pamene panadya za m'dimba.

Koma kamtsinjeko kasintha, izi palibe angatsutse. Ndili mwana munali maiwe awiri osaphwa ngakhale dzuwa la mu Novembala liswe mtengo. Tinkawedzamo matemba ndi milamba, kuvundukula miyala kufuna nkhanu. M'mbali munali bango, mikuyu ndi katope, ndipo nantchengwa anali ndi chisa chake chachikulu chija pamphanda ya mtengo. Lero pamalopo ndi chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga. M'dzinja madzi amabwera ofiira ngati thobwa la mawere, amalusa maola angapo n'kupita. Ikangofika Seputembala amayi amafukula mchenga kufuna madzi othirira.

Madzi ofiirawo ulendo wawo ndi wautali. Mtsinje wa Linthipe umayambira kumapiri a Dedza, umalandira Diamphwe wochokera ku Dzalanyama, umadutsa chakufupi ndi Nkhoma n'kutsetsereka m'mbali mwa nkhalango ya Thuma mpaka kuchigwa cha Salima. Kumeneko umakumana ndi mtsinje wa Lilongwe, umene wasenza zonse za mumzinda, ndipo pamodzi imakathira m'nyanja moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Dera lonse lothira madzi mu Linthipe ndi loposa masikweya kilomita 8,000. Dimba la amayi ndi kadontho chabe m'menemo. Vuto ndi lakuti dera lonselo ndi timadontho ngati kameneko.

Lamulo loteteza madzi silinabwere ndi azungu. Anthu akhala kuno kuyambira kalekale. Amene akukayika akaone zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ena mwa malowo, monga phiri la Mphunzi, ali kufupi ndi kwathu konkuno: zofiira za Akafula, zoyera za Achewa. Ndipo chakumadzulo, m'munsi mwa Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula wa ku Msinja, kwa Makewana, ndi dziwe lake lopatulika lotchedwa Malawi, ndi njoka ija Thunga. W.H.J. Rangeley analemba za kachisiyu mu 1952, ndipo Matthew Schoffeleers, m'buku limene anasonkhanitsa mu 1979 lotchedwa Guardians of the Land, anaonetsa kuti akachisi oterewa sankangopempha mvula. Ankalamulanso za nthaka: nthawi yotentha tchire, nkhalango zosadulidwa, maiwe osaseweretsa. Kachidutswa ka lamulo limeneli ndinakapeza ine ndemwe. Kumutu kwa dambo lathu kunali kasupe, ndipo agogo ankatiletsa kutsukako mphika wamwaye kapena kuthyolako nkhuni. "Iwe, kuli mwini wake kumeneko," ankatero, kunena njoka. Tinkaopa zedi.

Sindikufuna kukometsa zakale mopitirira. Makolo athu sanali a bungwe loona za chilengedwe. Ankatentha tchire posaka mbewa, ankadula mitengo yootchera makala a m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ankathira katupe m'maiwe kuti nsomba ziyandame. Chinkawapulumutsa n'chakuti anthu anali ochepa, malo ambiri, munda ukatopa ankausiya ugone. Ndiponso dongosolo la akachisi linasweka azungu asanakhazikike: nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zinapasula Msinja n'kuthamangitsira anthu kumapiri. Amishoni a Dutch Reformed Church pofika ku Nkhoma mu 1896 anapeza anthu a mfumu Mazengera akukhala paphiri chifukwa cha mantha. Koma chinthu chimodzi chokhudza lamulo lakalelo n'chofunika kuchigwira: wokuletsa kudula mtengo wa pakasupe ankamwa pakasupe pomwepo. Kasupe akaphwa, ludzu linali lake ndi lako.

Atsamunda anayamba ndi nkhalango. Dzalanyama anaitseka mu 1922, Chongoni mu 1924, ndipo chifukwa chachikulu chinali kuteteza kumene mitsinje imayambira. Kuyambira mu 1926 anayambitsanso nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi anyakwawa; zimenezi anthu sanadane nazo kwenikweni, poti mitengo yake inali yawo. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1930. Ku America mphepo inaulutsa dothi la m'minda yambirimbiri, zimene amazitcha Dust Bowl, ndipo mantha a kukokoloka kwa nthaka anagwira akuluakulu a zaulimi kuyambira ku London mpaka ku Zomba. Anayang'ana matutu amene amayi athu ankaunga, anayang'ana madimba a m'mbali mwa mitsinje, n'kugamula kuti mlimi wachikuda ndiye mdani wa nthaka yake yomwe.

Mu 1946 kunabwera lamulo lotchedwa Natural Resources Ordinance. Njala ya mu 1949 itadutsa, bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell analimanga mano lamulolo. Matutu ayi, mizere yopingasa phiri. Milambala ikumbidwe, ndipo nthawi yokumba inali chilimwe, nthaka ili gwa ngati mwala. Tsiku lomaliza kusosa, tsiku lodzala, tsiku lozula mapesi a fodya, zonse zolembedwa. Pamalo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, osalima. Wolakwira ankalipitsidwa, ena ankamangidwa, ena kuwazulira mbewu. Anthu zikwizikwi anazengedwa milandu m'mabwalo a mafumu awo omwe, ndipo apa mpamene panawawa kwambiri: mfumu yako, imene inkaweruza za mbuzi ndi za maukwati, inasanduka mkono wa boma.

Agogo ankasimba za tsiku limene kapitawo anafika m'dimba lomweli n'kuzula mbatata ndi mpiru zimene zinali kufupi ndi madzi. Sankasimba mokwiya, ankasimba modabwa, ngati munthu amene mpaka ukalamba sanamvetse. "Mdzukulu wanga, chaka cha njala chinali chitangotha kumene. Munthu n'kuzula ndiwo? Ndiwo zenizeni?" Agogo aamuna nthawi imeneyo anali ku Halale, ndipo pobwera anati kumeneko n'chimodzimodzi. Ankanena zoona. Ku Southern Rhodesia lamulo la madzi la mu 1927 ndi lina la mu 1952 linaletsa kulima m'madambo ndi pamtunda wa mafiti 100, pafupifupi mamita 30, kuchokera pamtsinje. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene anayamba kung'amba madambo kumeneko ndi makasu a ng'ombe ndi ngalande, pofuna kudzala tirigu, anali alimi achizungu. Chilango chinagwera madimba a anthu akuda.

Tsono onani mmene zinalukanirana ndi ndale. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953, anthu akukana. A Nyasaland African Congress sanavutike kufotokozera munthu wa kumudzi kuipa kwa chitaganya. Anangoloza kapitawo wa malimidwe. Chaka chomwecho kwa anansi athu ku Ntcheu, Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa paufumu, ndipo inamwalira mu 1954. Pofika pa 3 Malichi 1959, kugumula milambala ndi kulima m'mbali mwa mtsinje zinali zitasanduka njira yonenera kuti dziko ndi lathu. Wolemba mbiri Wapulumuka Mulwafu anaifotokoza bwino nkhani yonseyi m'buku lake la mu 2011, Conservation Song, ndipo amene akufuna tsatanetsatane akalifunefune.

Pano ndiyenera kunena chimene amalume sakonda kumva. Pa nkhani ya madzi, atsamundawo sananame kotheratu. Gombe lopanda mizu limagumuka. Madzi othamanga pamalo otsetsereka amanyamula dothi. Chimene analakwa n'choti sanafunse kuti banja limene alichotsa m'dimba lidya chiyani mu Okutobala, komanso ankalankhula za kusamala nthaka kwa anthu amene abale awo a kum'mwera anali atalandidwa nthaka yabwino ndi eni maesiteti. Mankhwala anali ndi mphamvu ndithu, koma anatimwetsa atatipana pakhosi, ndipo mpaka lero tikamva fungo lake timachita nseru.

Kamuzu atakhala nduna yoona za chilengedwe mu 1961 anathetsa zokakamizazo, anati alimi aziphunzitsidwa osati kumangidwa. Koma iye mwini, Mchikumbe Namba Wani, anapitiriza kulalikira mizere yomweyo, ndipo inakhazikika. Lero mwana wa ku Dedza amayesa mizere ndi chikhalidwe cha makolo, osadziwa kuti agogo ake analipira chindapusa poikana. Mizere inakhala chifukwa inalowa m'munda n'kukhala mbali ya ulimi. Lamulo la m'mphepete mwa mtsinje silinakhale, chifukwa linkangochotsa osabwezera kanthu.

Zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso. Anthu tinachuluka, minda inagawidwa mpaka kutsala tizigamba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa othawa kwawo oposa miliyoni imodzi m'Malawi muno, ndipo Dedza, pokhala m'malire, inalandira ambiri. Ankafuna nkhuni ndi milimo ngati ife tomwe, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Chaka chomwecho kunali chilala choopsa. Kenako 1994, matipate, ndipo ena anamva ngati demokalase ndi chilolezo cholowa ndi nkhwangwa m'nkhalango ya boma. Tauni ya Lilongwe inkakula, ikufuna makala, njerwa ndi mchenga. Dothi la njerwa labwino lili kudambo, nkhuni zootchera uvuni zili m'mbali mwa mtsinje, mchenga uli mumtsinje momwemo.

Ndiye inabwera njala ya 2002. Amene anaiona safuna kuikumbuka. Itatha, boma ndi mabungwe anatiuza chinthu chanzeru ndithu: musadalire mvula yokha, limani kawiri, pitani kudambo. Anagawa mbewu ndi feteleza wa ulimi wa m'chilimwe, anagawa mapampu opalasa ndi miyendo. Malo amene mu 1952 ukalimapo unkalipitsidwa, mu 2003 ukalimapo unkaitanidwa kuti alendo adzakujambule. Bango lomaliza la pa dimba lathu linapita chaka chimenecho. Ndinathandiza nawo kulitema, ndipo sindinong'oneza bondo, poti tinadya.

Pamene ife tinkachita zimenezi kumtunda, kunsi kunali anthu akuyeza. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a pulojekiti ya SADC/GEF yoona za zamoyo za m'nyanja ya Malawi, amene anali ku Senga Bay, anatsatira matope a Linthipe n'kuona mmene amafalikira m'nyanja nthawi ya dzinja mpaka kuzinga zilumba za Maleri. Zilumbazi ndi mbali ya Lake Malawi National Park. Mbuna za kumeneko zimadya ndere zomera pamiyala. Matope akaphimba miyala ndi kutchinga dzuwa, chakudya chimachepa. Palinso mpasa, nsomba ya m'nyanja imene imakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Linthipe unali umodzi mwa mitsinje ya mpasa. Lero mpasa ili pa mndandanda wa nsomba zimene zili pangozi yotha, ndipo mtsinje umene ukuisungabe bwinoko ndi Bua, umene chakunsi kwake umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Msodzi wa ku Salima sadziwa amayi anga, amayi anga sanaionepo mpasa yamoyo, koma dothi la m'dimba lawo limakafika pakhomo pake.

Chimene ndinachedwa kumvetsa ndi mmene dambo limagwirira ntchito. Tinkaphunzira kusukulu kuti dambo lili ngati siponji, limamwa madzi m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Pali choona pamenepo, koma si chonse. Pansi pa dambo pali dongo la makande losalowa madzi msanga. Madzi ambiri amene amanyowetsa dambo m'chilimwe ndi mvula imene inagwa kumtunda, m'minda ndi m'nkhalango, n'kulowa pansi, n'kumayenda mobisika mpaka kudzatulukira m'mphepete mwa dambo. N'chifukwa chake akasupe amakhala m'mbali, osati pakati. Kumtunda kukakhala mbee, nthaka yolimba ngati bwalo la mpira, mvula silowa. Imathamanga pamwamba, imatsata njira ya ng'ombe kapena ngalande ya msewu, n'kudzang'amba dambo. Chigwembe chikangoyamba chimakhala ngati ngalande yokhetsa dambo lonse, madzi apansi amatsika, udzu wa m'dambo umauma, chigwembe chimakulirakulira chobwerera kumtunda. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa limene tawakumbira ife amalikumbuka koposa.

Ofufuza a ku Zimbabwe ataunikanso nkhani ya madimba m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anapeza kuti dimba losamalidwa bwino silimene limaumitsa mtsinje monga atsamunda ankanenera. Izi zinandipatsa mpumulo pang'ono, koma sizikumasula amayi kotheratu. Kulima mpaka pamlomo pa madzi kumagumula gombe, ndipo feteleza ndi mankhwala opopera tomato zimatsikira momwemo, m'madzi amene a kunsi akutunga. Chimene zikutanthauza n'chakuti mlandu wa kamtsinje kathu uli ndi oimbidwa ambiri, koma zikhomo zinakhomedwa m'dimba la m'modzi, amene ali pafupi ndi madzi ndipo sangathawe.

Boma la lero lili ndi malamulo ake, monga la nkhalango la mu 1997 ndi la madzi la mu 2013, ndipo linalonjeza pamaso pa maiko kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zoonongeka. Njira yakale ija sinatheretu: mu 2015 asilikali anatumizidwa ku Dzalanyama kukathamangitsa ootcha makala, pofuna kuteteza madzi a mzinda wa Lilongwe. Makalawo ogula ake ndife a m'tauni, ine ndemwe ndili ndi thumba kukhitchini. Koma njira zimene alangizi akuphunzitsa tsopano n'zabwino, ndaziona zikugwira ntchito m'midzi ina: akalozera ndi udzu wa vetiva m'minda ya kumtunda, maenje ndi ngalande zosunga madzi kuti alowe pansi, kutchinga zigwembe ndi miyala ndi zikhomo kuti dothi lizitsalira, kusamalira zitsa kuti ziphukire m'malo modzala mitengo yachilendo imene imafa ikangojambulidwa. M'mbali mwa madzi, nsenjere, bango, nsungwi, mikuyu, katope, mbawa. Bulugamu ayi, ameneyo amamwa ngati wapabawa.

Ndinapita kumudzi sabata yotsatira. Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa kachere, kwa anyakwawa. A komiti si alendo, ndi anthu a m'mudzi momwemo, wapampando wake ndinaphunzira naye pulayimale. Analankhula bwino za ana athu ndi za mawa. Amalume analankhula za malimidwe, mokweza, mpaka anyakwawa anawapempha kuti akhale pansi. Amene anasintha nkhani ndi amayi, amene sakonda kulankhula pagulu. Anagwada n'kunena motsitsa: "Zikomo mfumu. Ine sindikukana. Madziwo ndikuwafuna kuposa nonsenu, poti wofukula mchenga ndine. Koma mabedi atatu amene ali kuseri kwa zikhomowo ndiwo amagula sopo ndi mchere. Ndingofunsa: a kumtunda aja, amene madzi a m'minda mwawo amadzagumula kwanga, zikhomo zawo zili kuti? Nanga oumba njerwa kumutu kwa dambo?"

Panakhala chete wautali. Kenako phokoso, aliyense kuloza mnzake. Tinabalalika dzuwa litapendeka, titagwirizana zinthu zochepa. Malo a kuseri kwa zikhomo akhalabe a amayi, osati a komiti, ndipo zodzalidwapo azikolola ndi iwo: nsenjere ndi bango kumadzi kwenikweniko, nthochi ndi nzimbe chakumtunda kwake, nsungwi pokhota pamene madzi amamenya. Mabanja a minda ya kumtunda akumbe ngalande zosunga madzi ndi kudzala vetiva mvula isanagwe. Chigwembe tichitchinge tonse, Loweruka lililonse. Za njerwa zinakanika, poti mwini uvuni waukulu ndi wachibale wa anthu amene sakanatchulidwa pabwalopo, ndipo nkhaniyo anati idzakambidwa tsiku lina. Tsikulo silinafikebe.

Za mabedi atatu aja, ndinauza amayi kuti ndizitumiza kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka nthochi zitayamba kubereka. Anaseka. "Ndiye kuti mtsinjewu ukuugula ndiwe?" Ndinati ayi, ndikubweza fizi.

Ndinapitanso mu Febuluwale. Mwa mabanja asanu ndi awiri a kumtunda, anayi anakumba ngalande zawo, atatu akuti anatanganidwa. Matchingo awiri a m'chigwembe anakokoloka ndi mvula yoyamba, atatu anagwira, ndipo kuseri kwake kwadzaza dothi lakuda mpaka m'mawondo, udzu wayamba kumera. Madzi akadali ofiira. Nsenjere zagwira bwino, moti amayi ayamba kale kudandaula kuti zikubisa mbewa. Zikhomo zonse zilipo kupatula chimodzi, chimene amalume anazula n'kukamangirira mbuzi.